Dzanja la a Mbewe pa dengu la mkwatibwi

Lamlungu lapitali chakwana chaka chimwalirireni a Yotamu Mbewe. Kutchalitchi kwathu ku Hurlingham abusa anatchula dzina lawo m'pemphero, ife Amalawi ochepa amene tinalipo tinavomereza, kenako aliyense anathamangira matatu yake, minibasi za kuno ku Nairobi. Panalibe wonena kuti tiyeni kwa Anachisale tikaonere filimu, monga zinkakhalira kale. Nachisaleyo ndine. Ndinabwerera ndekha kufulati kwanga n'kunena kuti basi, ndilembe za bambo amenewa ndisanaiwale zotsalazo. Zina ndinaiwala kale, ndipo pali mawu awo ena amene sindinawamvetsere n'komwe pamene ankanenedwa. Amenewo ndi amene amandiluma mumtima.

A Mbewe anali a ku Dedza, aatali, owonda, oyenda mowerama pang'ono ngati akufunafuna singano pansi. Jekete sinkachoka m'thupi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndinawapeza kuno ku Nairobi koyambirira kwa zaka za m'ma 1990, nditabwera kudzagwira ntchito ku ofesi ya mpingo, iwo atakhala kale zaka pafupifupi makumi awiri. Ntchito yawo inali yoyeza ndi kudula nsalu mu godauni ina, nyumba yosungiramo katundu, ku Industrial Area, ya banja la a Rao, ndipo ankagona m'kachipinda kuseri kwa godauniyo. Ntchito imeneyi inawalowa m'magazi. Ukamawapatsa moni, dzanja lamanja likukugwira chanza, lamanzere linkakhala litatsina kale m'mphepete mwa chitenje chako, akuchipekesa ndi zala ziwiri, ndipo usanamalize kuyankha kuti ndadzuka bwino ankakhala atakuuza kuti amene anakugulitsa nsaluyi anakuonera kutali kuti ndiwe mlendo. Ine anandiuza zimenezi tsiku loyamba, pakhomo pa tchalitchi, anthu akumva. Ndinawada mwezi wathunthu.

Dzanja lawo lamanjalo ndilifotokoze, chifukwa nkhani yonse ili pamenepo. Kachala kakang'ono kanali kopindika, kosawongoka, kuyambira tsiku limene belo la nsalu linakapanikiza pachitseko cha lole. Wotchi ankavalanso kudzanja lomwelo, ya lamba wamkulu kuposa mkono wawo, moti inkatsetsereka mpaka kuseri kwa chikhato, iwo n'kumaibweza pogwedeza mkono.

Cholakwa chachikulu chimene ukanachita pamaso pawo chinali kunena kuti a Mbewe amagwira ntchito kwa Amwenye, kapena kuti amakonda mafilimu a Chimwenye. Ankakuyang'ana ngati wawaponda chala chopindikacho. Ankafunsa ngati iwe ungakondwe munthu atanena kuti Mchewa wa ku Dedza, Mtumbuka wa ku Rumphi ndi Mkikuyu wa kuno ndi amodzi chifukwa onse ndi akuda. A Rao ndi Atelugu, ankatero, a kum'mwera kwa India, ali ndi chiyankhulo chawo, zilembo zawo zozungulira ngati nyemba, ndiwo zawo za tsabola wambiri, ndi mafilimu awoawo. Ana asukulu ochokera ku Roysambu, amene ankabwera kwanga Lamlungu makamaka chifukwa cha chakudya, ankawaputa dala ndi mawu akuti Amwenye kuti aone mitsempha ya m'khosi ikutukumuka. Chitelugucho anachiphunzira kwa mayi ake a bwana Rao, amene sankadziwa Chingerezi ngakhale Chiswahili. Ankawatuma poyankhula ndi manja, mpaka a Mbewe anatopa nazo n'kuyamba kuloweza mawu. Makaseti amene mayiwo atha kuonera, a Mbewe ankawanyamula m'jumbo n'kubwera nawo kwanga, chifukwa ine ndinali ndi tivi ndi deki.

Choncho Lamlungu lililonse masana pabalaza langa pankadzaza. Akatolika ankafika msanga chifukwa Misa sichedwa, ife a mapemphero aatali tinkawapeza atandanda pamasitepe. A Mbewe sankakhala nafe pa sofa. Anali ndi mpando wawo wathabwa pambali pa tivi, woyang'ana kwa ife, monga amaimira womasulira mawu kutchalitchi. Filimu ankaiona ndi diso limodzi, linalo lili pa ife kuti agwire amene akuwodzera. Mnyamata m'filimu akanena mawu atatu, a Mbewe ankanena makumi atatu, n'kuwonjezera kuti kwathu mnyamata wotereyu sangapatsidwe mkazi. Nyimbo ikayamba, okondanawo n'kumavina pamwamba pa phiri pomwe posachedwapa anali kukhitchini, iwo ankati apa palibe chomasulira, akulota amenewa, tiyeni timwe tiyi. Koma ikafika nthawi yoti mwana wamkazi akutsanzikana ndi bambo ake, mawu awo ankachepa, kenako ankangoti mukuona nokha.

Lamlungu lomaliza limene anabwera, anawodzera okha pakati pa kumasulira, chibwano pachifuwa, filimu n'kumapita popanda woitanthauzira. Palibe anawadzutsa. Tinakhala choncho tikuonera anthu akukangana m'chiyankhulo chosamveka, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi tinkabwera kudzaonera a Mbewe.

Chimene chinawakopa m'mafilimu amenewa sichinali chikondi cha anyamata ndi atsikana, chimenecho ankachitcha phokoso. Chinali malume. Tsiku lina anaimitsa kaseti kuti tonse tione bwino: pa ukwati wa Atelugu mkwatibwi amakhala m'dengu lalikulu lansungwi, ndipo amene amanyamula dengulo kupita nalo kwa mkwati ndi alongo awo a mayi ake. Mwambo ukatha, akuluakulu amabwera mmodzimmodzi kudzawaza mpunga wachikasu pamitu ya awiriwo powadalitsa. A Mbewe anaimirira n'kuloza ndi chala, amvekere mwaona, malume ndiye mwini mbumba, ngati kwathu. Kuyambira tsiku limenelo ankati Atelugu ndi Achewa amene anasochera kutsidya kwa nyanja, ndipo ponena zimenezi sankaseka. Iwo eni anali malume wa aliyense. Amalawi okwatirana kuno, opanda wachibale pafupi, ankathamangira kwa iwo kuti akhale nkhoswe, ndipo sankachita zongoimira. Ankafunsa kumudzi kwa onse awiri, ankalembera makalata makolo awo, ndipo banja likagwedezeka ankakwera matatu ziwiri kupita kukakhala pakhomopo mpaka anthu ayambe kuyankhulana.

Pa nkhani ya Achewa osocherayi m'pamene ine ndi iwo tinkayambanirana. Ine ndili ndi pakamwa, sindibisa. Ndinkawafunsa kuti ngati ndi abale athu, bwanji mkwatibwi aliyense m'mafilimu awo ndi woyera ngati ufa, ndipo wakuderako, ngakhale ndi Mtelugu mnzawo, ndiye wantchito wopusa, wakuba, kapena womenyedwa makofi kuti anthu aseke? Ndinkati tayang'anani nokha, pa anthu onse ali m'nyumba yaikuluyo wofanana ndi inu ndi uti, si uyo akusesa panjayo? A Mbewe ankati ine ndimaonera filimu ndi mkwiyo m'malo moonera ndi maso. Ankati nkhani ndi ya banja, ndipo banja ndi banja kulikonse: bambo wouma mutu, mayi wolira mobisa, mwana wosankha yekha. Ankati ojambulawo sanakumanepo ndi munthu wakuda wodzilemekeza, ndipo tsiku limene adzakumane naye adzamuika kutsogolo. Ine ndinkati tidzaona. Mkangano umenewu ndinapambana, ndipo pa zonse zimene ndinapambanapo pamoyo wanga, chimenechi ndimadana nacho.

Za kumudzi sankazikamba pagulu. Ine ndinazimva pang'onopang'ono, ndikamawaperekeza pagalimoto kukakwera matatu ya ku Industrial Area. Anachoka ku Dedza m'nthawi ya chipani chimodzi, munthu wina atawanong'oneza kuti dzina lawo latchulidwa pamodzi ndi la msuweni wawo amene ankasakidwa. Anadutsira ku Tanzania ndi jekete yokha. Kumbuyo anasiya mkazi ndi mwana wamkazi wazaka zitatu, Esinati. Mkaziyo anadikira, anatopa, anakwatiwa ndi wina, kenako anamwalira. Esinati anakula, anayamba kuwalembera makalata, ndipo kalata ina inabwera yonena kuti akukwatiwa. A Mbewe sanapite, nthawi imeneyo njira inali isanatseguke. Itatseguka, othawa anzawo n'kumabwerera kwawo, iwo ankati chaka chamawa. Ndikawapanikiza ankati munthu amene sanaoneke pa ukwati wa mwana wake sangangotulukira pakhomo ngati akuchokera kumsika, ayambe watumiza kanthu kosonyeza kuti ndi munthu. Nkhope ya bambo ake, Esinati ankaidziwira pa kachithunzi kamodzi ka pachitupa, kakalekale.

Ndiyeno chapakati pa zaka za m'ma 1990 kunabwera anthu ojambula filimu kuchokera ku India, Atelugu, odziwana ndi a Rao. Nkhani yawo inali ya banja la Chitelugu lokhala ku Nairobi, limene mwana wake wamkazi wakonda mnyamata wosauka wa kwawo, abale n'kumakana, pamapeto pake ukwati. Ankafuna anthu akuda oti azioneka, kuti oonera adziwe kuti kuno ndi ku Africa. Bwana Rao anatchula a Mbewe. Dairekita wa filimuyo, bambo wamfupi wachipewa, atamva munthu wakuda akumulonjera m'Chitelugu anaseka mpaka kukhala pansi, anawakumbatira, n'kunena kuti Mulungu wamutumizira munthu. Anawalonjeza malo abwino. M'nkhaniyo malume ake a mtsikana akana kubwera ku ukwati, ndiye bwenzi lakale la banjalo, munthu wa ku Africa, agwira dengu m'malo mwawo, kenako awaza mpunga n'kudalitsa m'chiyankhulo chake.

A Mbewe anamva kuti asankhidwa kukhala nkhoswe. Ndinayesa kuwauza kuti ndi sewero chabe, mtsikanayo mwina ali ndi mwamuna kale kwawo, koma ndinkangodzivuta. Kwa iwo dengu la mkwatibwi munthu saligwira mosewera. Anasoketsa suti yotuwa ndi nsalu imene anaisankha okha m'godauni. Anapempha kuti aonane ndi a kuchimuna, monga zimakhalira chinkhoswe chisanachitike, ndipo mnyamata wosewera mkwatiyo anadabwa kulandira moni wa manja awiri ndi mafunso okhudza makolo ake. Anafunanso kugula msoti woti akapereke, ndinawaletsa ndine.

Tsiku lojambula ndinawanyamula pagalimoto yanga kupita kunyumba ina yaikulu yakapinga imene ojambulawo anabwereka. Titangofika anawapempha kuti ayambe athandiza pa kachigawo kena kakang'ono, ndipo poti nkhoswe sakana ntchito ya pa ukwati, anavomera. Anawavula jekete ndi malaya, anawakulunga nsalu yofiira ya Amasai, anawapatsa mkondo, n'kuwauza kuti athamangitse galimoto ya munthu wanthabwala wa m'filimuyo, akukuwa. Anathamanga kanayi pamsewu wafumbi kuseri kwa nyumbayo, bambo wazaka zoposa makumi asanu. Pobwera ali wefuwefu anandiuza kuti si kanthu, pa ukwati pamakhala zoseketsa, zenizeni zibwera masana.

Masana anavala suti yawo. Ndinene zoona, sindinawaonepo akuoneka bwino ngati tsiku limenelo. Anagwira dengu mbali imodzi, wosewera wina mbali inayo, mtsikana ali m'kati atazolika, maluwa ali mbwee m'tsitsi. Anayenda pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Kenako anawathira mpunga wachikasu m'manja, dairekita n'kukweza chala. Ine ndinali nditaima cha kumbuyo pafupi ndi jenereta, mbale ya chakudya m'manja, ndikufunsa mayi wina kumene amagula sari yonga imene mkwatibwi anavala. Ndinkayesa kuti a Mbewe anena mawu awiri atatu a m'Baibulo basi. Ndinangomva Chichewa chikutuluka, m'mawu otsika, osakhala a pomasulira aja:

"Esinati, mwana wanga, ndachedwa. Koma ndabwera."

Ndinatembenuka, koma jenereta inali kulira m'khutu mwanga, ndipo mayi uja anali asanamalize za sari. Ndinkaona milomo yawo ikuyenda, dzanja likuwaza mpunga pang'onopang'ono pamutu pa mwana wa eni ake amene sankamva ngakhale liwu limodzi. Ndikanatha kusendera masitepe khumi okha. Sindinasendere, ndinati ndidzamvera m'kaseti. Anayankhula nthawi yaitali, ndipo palibe anawadula. Atamaliza mtsikanayo anali akulira zenizeni, anawerama n'kuwagwira mapazi monga amachitira kwawo kwa akuluakulu, ojambula onse n'kuwomba m'manja. Pobwerera ndinawafunsa kuti mwanena chiyani. Nawonso anati ndidikire kaseti, zonse zili momwemo.

Sabata yomweyo analembera Esinati kuti kukubwera kaseti, afufuze kumene kuli vidiyo, kaya kwa aphunzitsi kaya paboma, aitane mwamuna wake ndi ana, chifukwa bambo ake ali ndi mawu. Anati kasetiyo ikakangofika, iwonso atsatira pambuyo pake.

Inabwera patapita miyezi yambiri. Lamlungu limenelo pabalaza langa panalibe poponda, ena anaima m'khitchini n'kumasuzumira. A Mbewe anafika atavala suti ija, anakhala pampando wawo, ndipo anamasulira mwachidule kuposa masiku onse chifukwa mtima unali kutsogolo. Chapakati pa filimu, munthu wanthabwala uja anaimika galimoto m'tchire kuti ajambule nyama. Kenako panatulukira munthu wakuda wa mkondo, kuthamanga kwake atakufulumizitsa, miyendo ikupalasa ngati ya nkhuku yothawa kabawi, maso ali tong'o, pakamwa pakutuluka mawu a munthu wina, aang'ono ngati wenzulo, osakhala chiyankhulo chilichonse. Pabalaza ponse tinafa nalo phwete. Ine ndinaseka kuposa onse, mpaka misozi, ndikumenya mnzanga paphewa. Ndinkadziwa kuti ndi a Mbewe, pojambula ndinalipo, koma ndinaseka. Nditapukuta m'maso ndinaona kuti iwo sakuyang'ana tivi. Mpando wawo unkayang'ana kwa ife, ndiye ankationa tonse, mmodzimmodzi. Anangoti dikirani za ukwati.

Ukwati unabwera kumapeto. Malume ake a mtsikana, amene tinauzidwa kuti akana, anasintha mtima n'kutulukira nthawi itatsala pang'ono, bambo woyera wandevu za pamlomo, nyimbo ikulira. Chigawo chonsecho anali atachijambulanso ku India. Pa zonse za masana aja anasiyapo kanthawi kochepa pamene kamera ili pankhope ya mkwatibwi m'dengu. M'mphepete mwa dengulo, pakona ya tivi, panali dzanja lakuda, kachala kopindika, wotchi itatsetsereka. Ukanaphethira sukanaliona. Mpunga unawazidwa ndi ena. Mayina a osewera anayamba kukwera pa tivi. A Mbewe anadzuka, anatulutsa kaseti, anaibwezera m'chikuto chake, anathokoza aliyense chifukwa chobwera, n'kutsika masitepe okha. Tiyi wawo sanamwe.

Ndinamva kwa iwo eni, patapita nthawi, kuti anakafunsa bwana Rao ngati zodulidwazo zingapezeke. Bwana Rao, amene ankawakonda m'njira yakeyake, anaimba foni ku India n'kubwera ndi yankho lakuti zotsala zimatayidwa, ndiponso kuti anthu akumeneko sakanamvetsa chifukwa chake munthu wakuda akugwira dengu la mwana wawo. Anawonjezera kuti asadandaule, chigawo cha mkondo chija n'chimene anthu akusekera kwambiri m'nyumba zoonetsera kanema, a Mbewe atchuka. Ananena zimenezi pofuna kuwasangalatsa. Anali atagwira ntchito limodzi zaka zoposa makumi awiri, a Mbewe akudziwa dzina la mudzi umene a Rao anabadwira ndi mtsinje umene uli pafupi nawo, koma a Rao ankauzabe alendo awo kuti mkuluyu ndi wa ku Zambia, kapena kwinakwake cha kumeneko.

Lamlungu lotsatira ndinkaganiza kuti sabwera. Anabwera ndi jumbo lawo la makaseti, ndipo anapitiriza kubwera zaka zina khumi. Ankamasulirabe, ankakalipirabe ana asukulu akanena kuti Amwenye. Koma zoti Atelugu ndi Achewa osochera sanazinenenso. Ndipo wantchito wakuda akatulukira m'filimu kudzamenyedwa khofi, iwo ankamupatsa dzina, n'kutiuza kumudzi kwawo, ana amene anasiya ndi chimene akuganiza mumtima pamene akumenyedwapo, zonse zopeka okha, mpaka anthu analeka kuseka pa malo oterowo. Ine sindinawauzepo kuti mwaona nanga, paja ndinanena. Sindinapepesenso za kuseka kuja. Ndinkati ndidzapeza tsiku labwino.

Mkangano wathu unasamukira pa kaseti ija. Esinati ankaifunsa m'kalata iliyonse. Iwo ankayankha kuti yachedwa ku India, kenako kuti ku positi zinthu zimasowa, kenako anangoleka kuitchula. Ndinkawauza kuti tumizani momwemo, apo ayi siyani kaseti, kwerani basi mupite nokha, mwana wanu akufuna inu. Tsiku lina ndinawapsera mtima zenizeni, tili m'galimoto pamzere wautali wa magalimoto ku Hurlingham, n'kunena kuti kunyada kwanuku mudzafa nako, mwana asanakuoneni. Anabweza wotchi yawo, kenako anati:

"Anachisale, mwana uja sanandionepo ndikuyenda. Mukufuna kuti tsiku loyamba kundiona, andione ndikuthamangitsa galimoto ndi mkondo, mkamwini wanga ndi adzukulu anga akuseka monga munasekera inu?"

Ndi tsiku lokhalo limene anatchula za kuseka kwanga. Popepesera panali pomwepo, koma matatu ya kumbuyo inaliza hutala, ine n'kuponda moto.

A Mbewe anamwalira m'mawa wina, m'kachipinda kawo kaja, atavala kale jekete kuti ayambe ntchito. Anandiimbira foni ndi askari wa pageti la godauni, amvekere mama, mzee amelala, haamki, kutanthauza kuti mkulu uja wagona ndipo sakudzuka. Tinatumiza uthenga ku Dedza, Esinati anayankha kuti akubwera, koma basi yodzera ku Tanzania sithamangira maliro. Tinadikira mmene tikanathera. Anafika patapita masiku awiri titaika, mayi wamtali, wowonda, woyenda mowerama pang'ono, ali ndi kachikwama kamodzi. Ndinapita naye kumanda ku Lang'ata, ndipo anaima nthawi yaitali pamulu wa dothi lofiira, osalira. Pobwerera anandifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati kaseti ija inalipodi.

Inalipo. Tinaipeza m'sutikesi mwawo, pansi pa suti yotuwa ija. Titafika kwanga ndinaiika m'deki, ndipo inayambira pomwe paja pa dengu. Kaya ankaionera kuti sindikudziwa, koma m'pamene mwini wake ankaisiyira. Ndinaimitsa n'kuloza pakona, ndinati ili ndi dzanja la bambo ako, ananyamula mkwatibwi. Esinati anasendera pafupi, anayang'anitsitsa, n'kufunsa kuti nanga nkhope. Ndinafuna kunama kuti kwinako kaseti inawonongeka. Koma inali yake tsopano, ndipo akanakaionera kwawo popanda womuchenjeza. Ndiye ndinamuuza zonse: nsalu yofiira, mkondo, mawu aang'ono aja, ndi kuti n'chifukwa chake bambo ake sanatumize, n'chifukwa chakenso sanabwere. Ndinamuuzanso kuti ndinaseka.

"Bwezani, amayi," anatero. "Ndione."

Ndinabweza. Anagwada pakapeti, nkhope pafupi ndi galasi la tivi. A Mbewe anatulukira m'tchire, anathamanga, anazimiririka. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi. Esinati sanaseke, sanaonetsenso manyazi. Anati bwezaninso. Kachitatu anandipempha kuti ndichotse mawu, ndipo tinawaona akuthamanga mwakachetechete, fumbi likufuka kumapazi. Iye anaona zimene tonse sitinazione tsiku lija. Anati phazi lamanzere amaliponya kunja ngati mwana wake wachisamba. Anati makutuwo ndi ake. Anaonanso kuti kumapeto, kamera isanachoke, akucheukira kumbali ngati akufunsa wina kuti kodi ndachita bwino. Ankacheukira ine, pamenepo m'pamene ndinaima. Tinabweza kambirimbiri, mpaka dzuwa linapendeka.

"Akanangotumiza," anatero, akupukuta galasi la tivi ndi chitenje ngati fumbilo lili kunja. "Ine ndinkangofuna ndiwaone akuyenda."

Kenako anandifunsa za mawu aja amene analonjezedwa m'kalata. Ndinamuuza amene ndinamva: Esinati, mwana wanga, ndachedwa, koma ndabwera. Anadikira kuti ndipitirize. Ndinati anayankhula nthawi yaitali, anthu analira, koma ine ndinali pafupi ndi jenereta. Za sari sindinamuuze. Mmalawi yekha amene analipo tsiku limenelo, yekha amene akanamva Chichewa chimenecho n'kuchisunga, ndinali ine, ndipo mwana wa eni ake ndinamubweretsera mawu asanu ndi limodzi. Anawabwereza kawiri motsitsa, n'kunena zikomo. Ananyamuka m'mawa mwake ndi kaseti, suti ndi wotchi.

Deki ija inafa, ndipo ana asukulu masiku ano amaonera mafilimu pa madisiki okhala ndi mawu a Chingerezi m'munsi, safunanso womasulira. Lamlungu masana pamasitepe panga sipakhala munthu. Mpando uja ukadali pambali pa tivi. Ndinayesa kuutembenuza kuti uziyang'ana kumene imayang'ana mipando inayi, koma pabalaza pankaoneka ngati pa eni ake, ndiye ndinaubweza. Thabwa lake la kumanja ndi loyererako pamene wotchi inkakhula, ndipo pakhoma kumbuyo kwake pali kadontho ka mafuta a m'mutu mwawo kamene wopenta ndinamuletsa kufufuta. Ndikakhala pa sofa, pamene ndinakhala tsiku lija, mpandowo umayang'ana ndendende kwa ine.